Madzi a Zambezi ndi ana athu a ku sekondale

Makolo athu a m'mbali mwa Zambezi sanali kudabwa ndi madzi osefukira. Caka ciri conse, ca m'ma Febuluwale kapena Malici, mtsinje unkadzaza ndi kulowa m'madimba, ndipo ukaphwa unkasiya dothi lacondo. Nyumba ankamanga pa mtunda, ku dimba kunali msasa cabe. Mwana ankaphunzira zimenezi poyenda ndi agogo ace, osati m'buku ai.

Zinthu zinasintha atatseka mtsinje pa Kariba mu 1959, ndi pa Cahora Bassa mu 1974. Madzi analeka kubwera pa nyengo yace. Anthu poona zaka zikupita mtsinje uli phee, anatsikira kufupi ndi madimba. Mu 1978 damu linadzaza, zitseko anazitsegula, ndipo a kumunsi madzi anawapeza osakonzeka. Kenaka nkhondo. Ambiri a ku Mutarara anathawira ku Nsanje, ndipo pobwerera utadza mtendere wa 1992, ana obadwira m'misasa ya othawa sanali kudziwa pamene madzi ankafika kale. Ife tiganiza kuti apa ndi pamene cingwe cinadukira: akulu odziwa anamwazikana, ndipo panalibe wolemba.

Madzi anabweranso mu 2001, mu 2007 ndi mu 2008. Ku Inhangoma, pakati pa Shire ndi Zambezi, anthu ankatengedwa pa mabwato, ambiri nakagona m'masukulu. Boma, kudzera ku INGC imene inakhazikitsidwa mu 1999 (lero ndi INGD), linasamutsira mabanja ku mabairro a pa mtunda ndi kuyambitsa makomiti a m'midzi ocenjeza anthu. Za namondwe anaika mbendera zitatu: yobiriwira ngati thambo, ndiye kuti kwatsala tsiku limodzi kapena awiri, yacikasu, asanathe maora 24, yofiira, asanathe maora 6.

Nanga ana a sekondale akuzidziwa? Funsoli ndi lathu, inu atsogoleri a makalasi. Iwowa ndiwo amayenda mtunda wautali, kuoloka mitsinje m'mawa ndi madzulo, ndiwonso amawerengera makolo uthenga wa pa foni wolembedwa m'Cipwitikizi. Mwana akaumasulira molakwa, banja lonse ligona m'cigwa usiku umene linayenera kukwera. Ndipo si a ku Mutarara okha: mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka.

Tsono tikupemphani nchito imodzi mvula isanayambe. Itanani ana a sekondale awiri kapena atatu ku kalasi lanu. Agogo anene pamene madzi anafika mu 1978 ndi mu 2001, pa mtengo uti, pa culu citi, ndi njira imene anathawira. Anawo alembe m'Cinyanja, ajambule mapu a mudzi, kenaka akalasi awerenge mokweza ndi kukonza polakwika. Pepala limodzi likhale ku chalichi, lina apite nalo kwa aphunzitsi ao.