Chithandizo cha CBT

CBT, chidule cha Cognitive Behavioural Therapy, ndi chithandizo chodzera m'kukambirana pakati pa wodwala ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino. Tsinde lake n'loti zimene munthu amadziuza mumtima, mmene akumvera ndi zochita zake n'zolukanalukana, moti kuwongola chimodzi kumapepuza zinazo.

Mbiri yake

Mu 1955, Albert Ellis wa ku New York anayamba kuphunzitsa odwala ake kutsutsa zikhulupiriro zowazunza. Mu 1958, Joseph Wolpe, dokotala wobadwira ku Johannesburg, anatulutsa buku losonyeza kuti mantha amatha munthu akamayandikira pang'onopang'ono chinthu chimene amachiopa. Koma dzina lomveka kwambiri ndi la Aaron Beck (1921–2021) wa pa yunivesite ya Pennsylvania. M'zaka za m'ma 1960, Beck anaona kuti anthu ovutika maganizo ankangodziona achabechabe, kuona dziko ngati lowada ndi tsogolo ngati lotsekeka. M'malo mofukula za ubwana wawo monga ankachitira otsatira a Sigmund Freud, iye anayamba kufufuza nawo limodzi umboni wa malingalirowo. Buku limene analemba ndi anzake mu 1979 linafalitsa njirayi, ndipo mu 1994 iye ndi mwana wake Judith anatsegula Beck Institute. Ku England, boma linayamba kupereka chithandizochi kwa anthu ambirimbiri mu 2008.

Kachitidwe kake

Wodwala ndi mlangizi amakumana maulendo 5 mpaka 20, kawirikawiri kamodzi pa sabata, ndipo wodwala amapatsidwa zokachita kunyumba. Mwachitsanzo, mayi amene mnzake wamudutsa pamsika osamupatsa moni angagamule kuti, “Aliyense akundida,” n'kusiya kutuluka m'nyumba. Mlangizi amamupempha kulemba ganizolo, kuliyesa ngati lili ndi umboni, kenako kukamupatsa yekha moni mnzakeyo n'kuona chochitika.

Kumene imathandiza

CBT imagwiritsidwa ntchito pa matenda ovutika maganizo, nkhawa, mantha opitirira muyezo ndi kuzunzika ndi zoopsa zimene munthu anaziona kale. Pa kusowa tulo kosatherapo, bungwe la American College of Physicians linalangiza mu 2016 kuti CBT iziyamba ndiyo, mapiritsi pambuyo. Imathandizanso anthu a ululu wa msana wosatha ndi vuto la m'matumbo lotchedwa IBS. Sichotsa nthendayo, koma imachepetsa kuzunzika nayo, ndipo nthawi zina imayendera limodzi ndi mankhwala.

Kuno kwathu

Mu 2006, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi yamatabwa panja pa chipatala, n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, komwe ife timati kuganiza kwambiri. Pa maulendo 6, agogowo amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha poyambira. Kaya ndi ngongole, lendi kapena mkangano wa m'banja, agogo salamula chochita, amangofunsa mafunso moleza mtima. Njirayi, yomwe inachokera mu CBT, inaonetsa zotsatira zabwino pa kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya JAMA mu 2016, ndipo yayesedwanso m'zipatala za ku Malawi, makamaka kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV.

Kufunika kwake

Ngakhale sithandiza aliyense mofanana, CBT ikuoneka yodalirika m'madera osowa madokotala a zamaganizo, chifukwa mbali zake zina anthu wamba angathe kuziphunzira n'kuthandiza nazo anzawo.