Kudziwa ntchito ya chipatala musanayambe maphunziro a udotolo

Ku Mozambique, wophunzira amene wamaliza kalasi 12 amapeza malo a maphunziro a udotolo m'masukulu a ukachenjede a boma akakhoza mayeso olowera, makamaka a Biologia ndi Química. Kugwirapo ntchito kuchipatala sikulowa m'malo mwa mayesowa. Phindu lake ndi lina: pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo maphunzirowa amatenga zaka 6, ndipo n'zopweteka kuti banja ligulitse mbewu ndi ziweto, kenaka mwana n'kuzindikira mochedwa kuti magazi ndi kulira kwa odwala sangazipirire.

Khomo losavuta ndi bungwe la Cruz Vermelha de Moçambique, lomwe limaphunzitsa anthu odzipereka chithandizo choyamba. Kumudzi, wachinyamata angapemphe kutsagana ndi APE, wazaumoyo wosankhidwa ndi anthu a m'deralo, amene amayeza malungo ndi kuthandiza ana otsegula m'mimba. Pamenepo amaona zimene buku silinena: mmene amalankhulira ndi mayi amene mwana wake watentha thupi usiku wonse.

Kuchipatala, chilolezo chimapemphedwa kwa mkulu wa pamalopo, osati kwa namwino wachibale. Wololedwa amangoonerera. Sabaya jekeseni, sapereka mankhwala, sajambula wodwala pa foni, ndipo matenda a mnansi amene wamuona pamzere sakawatchula kunyumba.

A m'chigawo cha Tete angafunsenso zofunika polembetsa ku nthambi ya zaumoyo ya UniZambeze, mumzinda wa Tete.