Mbiri ndi Masamu kwa Malama

Ophunzira ambiri a ku sekondale amafunsa kuti mbiri yakale ndi masamu ziri ndi phindu lanji kwa mwana wa kwa Malama. Yankho lace liri m'cigwa ca Luangwa momwemo.

M'caka ca 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda inapangana ndi Norman Carr kupatula dera losungiramo nyama, kuti ndalama za alendo zithandize eni dziko. Mu 1972 boma linakhazikitsa South Luangwa National Park. Lamulo la mu 1998 linalola anthu a m'maiko a mafumu, monga kwa Malama, kusankha mabungwe olandira gawo la ndalama za ulenje.

Tsono mbiri iphunzitsa anyamata ndi atsikana kuti gawolo si mphatso ai, koma malipiro a thengo limene makolo ao ankasakamo mwaufulu. Masamu awaphunzitsa kuwerengera ngati gawolo lafika lonse, ndiponso ngati likwanira kukumba citsime kapena kufolera sukulu. Cifukwa cace inu amene mwatsiriza maphunziro, musataye mabukuwo. Adzafunika pa bwalo la mfumu.