Galasi Lodikira ndi Chifunga Chake

Njira ya Louis Daguerre ya mu 1839 inkaika chithunzi pa mkuwa wokutidwa siliva. Mu 1851 Frederick Scott Archer anabweretsa galasi lopakidwa collodion, loyenera kujambulidwa ndi kutsukidwa lisanaume. Galasi lotere silinkakalamba, poti silinkasungidwa n'komwe.

Kwa ine nkhani imayambira mu 1871, pamene dokotala wa ku England, Richard Leach Maddox, anasakaniza silver bromide ndi gelatin n'kupeza galasi louma, lotha kudikira wojambula. Dziko limatamanda George Eastman ndi Kodak yake ya 1888, koma iye anakolola m'munda wolimidwa kale. Ulemu ndimaupereka kwa Maddox, komanso kwa Charles Bennett, amene mu 1878 anaona kuti mankhwalawo akafunditsidwa kwa masiku angapo amagwira kuwala msanga. Apa m'pamene pagona chinsinsi. Kupsa kumene Bennett ankakufuna sikulekeratu galasi likalowa m'bokosi. Kumapitirira pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, mpaka timchenga ta siliva tina timada potsuka ngakhale sitinaonepo kuwala. Ndicho chifunga: imvi zophimba chithunzi chonse, makamaka m'mphepete.

Otsuka akale ankachiletsa ndi potassium bromide. Pambuyo pake kunabwera benzotriazole, wamphamvu kwambiri, amene amagoneka timchenga tosaona kuwala kuti tisade. Koma amafooketsanso chithunzi chenichenicho, choncho wofuna kujambula pa galasi lakale amalipatsa kuwala kochuluka, n'kulitsuka m'mankhwala ozizira. Kuzizira n'kumene kunapulumutsanso mafilimu a ulendo wa wofufuza malo Andrée wa 1897, omwe anagona m'chipale ku Kvitøya mpaka 1930, John Hertzberg n'kuwatsuka ku Stockholm, nkhope za omwe anafera paulendowo n'kuonekera.

Kwathu kuno mwayi wa chipalewo tilibe. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, kuyambira 1858, mng'ono wake Charles anavutika ndi galasi lonyowa m'kutentha, pamene John Kirk, mwini dzina la mapiri a Kirk Range, anatulutsa zithunzi zabwino pa pepala lopaka phula. Dzuwa lomwelo la ku Nsanje ndi Chikwawa, pamodzi ndi chinyezi cha dzinja, limakalambitsa gelatin msanga kuposa ku Ulaya. Wopeza bokosi la magalasi lomata m'nyumba yakale ya mishoni asalitsegulire poyera. Aliike pozizira ndi pouma mpaka apeze chipinda chamdima.