Mpamba

Mpamba ndi ndalama kapena katundu amene munthu amayambira geni. Mayi akatenga K40,000 ku banki mkhonde n'kugula fulawa, shuga ndi mafuta okazingira mandasi, anzake amati wapeza mpamba. Zobwera pamwamba pake akagulitsa ndiye phindu. Tikamva kuti uje wadya mpamba, timadziwa kuti ndalama zokapikulira katundu zapita ku ndiwo, ndipo benchi lake pamsika latsala lokha.

M'kalasi la akaunti mawuwa ali ndi malire okhwima. Kumeneko mpamba ndi gawo la mwini wake basi: zonse zimene bizinesi ili nazo, kuchotsapo ngongole. Choncho K40,000 ya mayi uja si mpamba ayi, ndi ngongole. Ngati chiwaya, fulawa ndi ndalama za m'kachikwama zikukwana K70,000, mpamba wake ndi K30,000 yokha. Iye mwini angakutsutseni, koma buku silimva zimenezo.

Pamene ophunzira ambiri amakakamira ndi apa: bizinesi imawerengedwa ngati munthu payekha, wosiyana ndi mwini wake. N'chifukwa chake mpamba umalembedwa mbali imodzi ndi ngongole, poti ndi chuma chimene bizinesiyo yasungira mwini. Mayiyo akatapa K2,000 yogulira mwana makope, nayonso iyenera kulowa m'buku, ndipo imachepetsa mpamba.

Kalembedwe ka mbali ziwiri kameneka, katundu wa bizinesi mbali ina, mpamba ndi ngongole mbali inayo, n'kakale. Luca Pacioli anakafotokoza m'buku lake la masamu limene linasindikizidwa ku Venice mu 1494, koma amalonda a ku Italy anali atayamba kale kukagwiritsa ntchito.