Utsi wa Moto Wolusa ndi Thanzi la Ana

Chaka chilichonse, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa mu Novembala, tchire limapsa m'madera ambiri a dziko lino. Moto umabuka pomwe anthu akusaka mbewa, kufula njuchi, kuotcha makala kapena kutentha mapesi pososa minda, ndipo mphepo ikauwomba umathawira kuthengo. Nkhalango ya paini ya Viphya ku Chikangawa, phiri la Zomba ndi phiri la Mulanje ndi ena mwa malo omwe amapsa kawirikawiri. Anthu amadandaula za mitengo ndi udzu wofolera, koma n'ochepa amaganizira za utsi, womwe umafika ngakhale kwa mwana amene sanaone motowo.

Choopsa kwambiri mu utsi si phulusa lomwe limagwera pa zovala zoyanika ayi. Ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, tomwe akatswiri amatitcha PM2.5. N'tating'ono zedi moti pafupifupi 30 titandondozana ndi pomwe tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Cheya cha m'mphuno sichititchinga. Timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tina timadutsira m'magazi. Mu 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsitsa mlingo wa tizidutswati womwe limalangiza kuti usapyoledwe mumpweya, litaona kuti ngakhale tochepa timavulaza.

Mwana amavutika kuposa wamkulu chifukwa amapuma mofulumira, choncho amakoka utsi wambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Njira zake za mpweya n'zopapatiza, zikangotupa pang'ono amayamba kubanika. Mapapo akenso amakhala asanakhwime. Poyamba maso amafiira ndi kutuluka misozi, pakhosi pamakanda, kenako chifuwa. Mwa ana odwala mphumu, utsi umadzutsa matendawo. Umafooketsanso chitetezo cha m'mapapo, zomwe zimapereka mpata ku chibayo, nthenda yomwe ili m'gulu la zomwe zimapha kwambiri ana osakwana zaka 5. Mayi woyembekezera akamapuma utsi nthawi yaitali akhoza kubereka masiku asanakwane kapena mwana wochepa sikelo.

Utsi sukhala wofanana tsiku lonse. Usiku ndi m'mbandakucha, mphepo ikaleka, umatsikira m'madambo ndi m'zigwa n'kukhazikika pansi, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwe ana amanyamuka kupita kusukulu. Masiku otere, ana asasewere mpira kapena kuthamanga, pakuti wothamanga amapumira pakamwa mozama. Tsekani mawindo ndi zitseko za mbali yomwe utsi ukuchokera, n'kuzitsekula kunja kukayera. Kutseka nyumba kwinaku mukusonkha moto kapena mbaula m'katimo n'kungoonjezera vuto, ndipo mbaula m'chipinda chotseka imapha. Alimi asatenge ana kumunda tsiku lotentha zinyalala. Chabwino koposa n'kukwirira mapesiwo kuti asanduke manyowa. Amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ali ndi mwana kumbuyo asamukire malo ena utsi ukachuluka, ngakhale zitatanthauza kuphonya makasitomala angapo.

Chitenje kapena masiki yansalu, ngakhale yonyowetsa, imangotchinga phulusa, tizidutswa tija timadutsa ndithu. Mwana wosakwana zaka 2 asavekedwe chilichonse chophimba mphuno ndi pakamwa. Mupatseni madzi akumwa pafupipafupi, ndipo khanda lipitirize kuyamwa. Amene ali ndi mankhwala a mphumu opopera m'kamwa ayende nawo kusukulu.

Kuti mudziwe ngati mwana akufunika chipatala, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee, osati akulira. Akupuma mofulumira ngati wafika ka 60 kwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Mwana wotere akaonedwe tsiku lomwelo kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, milomo yasintha mtundu, akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka kwambiri kapena wakomoka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Uphungu umapezekanso poimba foni ku Chipatala Cha Pa Foni.