Tete ndi wotentha, koma Tete wake uti?

Anzanga omvera wailesi, pa msonkhano wa gulu lathu munandipempha kuti ndilembeko za mbiri ya dera lathu. Ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Chaka china mwezi wa Juni, kumudzi kwathu kufupi ndi Ulongué kunabwera mphunzitsi wachitsikana wochokera kunyanja yamchere. Atamva kuti amutumiza kuchigawo cha Tete, abale ake anamuuza kuti asavutike n'kunyamula bulangeti chifukwa akupita kumoto. Anafika ndi kapulana ziwiri basi. Usiku woyamba sanagone, ndipo sabata isanathe anali m'chipatala ndi chibayo. Amayi anga anamubwereka bulangeti ndi juzi. Atachira anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi kuno n'ku Tete ndithu, kapena chapa inandipitiriza?"

Sindimunena mtsikanayu, chifukwa zimene anamvazo si zabodza zonse. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Apwitikizi anakhazikika kumeneko kalekale, m'zaka za m'ma 1500, ndiye dzina la mzindawo linadzakhala dzina la chigawo chonse. Pawailesi akamalengeza za nyengo, nthawi zambiri amatchula likulu la chigawo. Munthu wa ku Maputo kapena ku Beira akamva "Tete, madigiri 41" amaganiza kuti tonsefe tikupsa.

Koma kwerani chapa pa Tete, mudutse Moatize, mukhote pa Mussacama n'kuyamba chitunda. Milambe ndi masau zimatsala kumbuyo. Mukafika pa Ulongué mwakwera mamita oposa 1,200, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi timadzuka nkhungu ili tolo, ndipo usiku wina chisanu chimawaula masamba m'madimba, makamaka cha ku Tsangano.

Mbiri ya dera lino ikugwirizana kwambiri ndi kuzizira kumeneku. Angoni a Maseko, atawoloka Zambezi kuchokera kumwera m'zaka za m'ma 1830, anapitirira mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pobwerera, motsogozedwa ndi Chidyaonga, anadzakhazikika cha ku Domwe pakati pa Achewa amene anawapeza. Angoni anali anthu a ng'ombe, ndipo ng'ombe sizichita bwino kumene kuli kashembe, ntchentche ija imene imakonda nkhalango zotentha za m'zigwa. Kumtunda kuno kunali msipu ndi madzi, ziweto zinaswana. Dzina loti Angónia linachokera kwa iwowa, ndipo akatswiri a ziweto amazindikira mtundu wa ng'ombe zathu ndi dzina loti Angone.

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana za malire. Mzere unadutsa pamwamba pa mapiri, pamene madzi amagawikana, ena kupita ku Zambezi, ena kunyanja ya Malawi ndi ku Shire. Dedza ndi Ntcheu zinagwera kwa Angerezi, ife tinagwera kwa Apwitikizi. Anthu ndi amodzi, chilankhulo n'chimodzi, chisanu n'chimodzimodzi. Koma taonani, Mmalawi aliyense amadziwa kuti ku Dedza kumazizira, pamene ife oyandikana nawo mpanda timawerengedwa kuti ndife a kotentha, chifukwa likulu lathu lili kuchigwa, mtunda wa makilomita oposa 200.

A mishoni nawo anayamba kuchigwa. Ansembe a Chijezuiti anatsegula Boroma, pafupi ndi Tete, m'zaka za m'ma 1880, nthawi imene malungo ankapha azungu ambiri m'mphepete mwa Zambezi. Chaka cha 1910 chisanafike anali atakwera kudzatsegula Lifidzi, ndipo Fonte Boa inadza mu 1945. Atsamunda olima minda anabweranso n'kutenga nthaka yabwino, nthawi imene Ulongué ankatchedwa Vila Coutinho. Ankalima chimanga, mbatata ya kachewere ndi zipatso za kozizira monga mapichesi. Titalandira ufulu mu 1975, minda imene anaisiya inakhala ya boma pansi pa dzina loti CAIA, imene inadzagwa m'zaka za m'ma 1980. Tirigu wa ku Tsangano ndi umboni winanso. Ndani angafese tirigu pa Moatize?

Kuzizira kumeneku sitinakumve kukoma nthawi zonse ayi. Nkhondo itakula cha m'ma 1986, ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu opanda chofunda. Ine ndinali mnyamata. Ndimakumbukira tikugona mozungulira moto, ana akutsokomola usiku wonse, azimayi akufunda matumba a chimanga. Tsiku logawa mabulangeti anthu ankakankhana ngati pogawa ufa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, ndipo agogo anga anasiya mphika koma bulangeti lawo ananyamula pamutu mpaka kwathu.

Mwina wina afunsa kuti, nanga anthu akutali akalakwitsa za nyengo yathu, ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza, abale anga. Anamwino ndi aphunzitsi ena amachita mantha akamva za Tete, ena amabwera osakonzeka ngati mtsikana uja. Malangizo a ulimi oyenera ku Changara, kumene mvula ndi yochepa, sangakhale omwewo kuno kumene imagwa yambiri. Amene akukonza thandizo la ana amasiye ndi okalamba ali mu ofesi yotentha saganiza za juzi. Ndipo chondiwawa n'chakuti ana athu enieni, akafunsidwa kusukulu za nyengo ya chigawo chawo, amayankha kuti n'chotentha, manja ali m'khwapa chifukwa cha mphepo.

Pempho langa kwa akuluakulu a wailesi yathu ndi lakuti mwezi wa Meyi ukamafika tizikhala ndi pologalamu yokumbutsana za chisanu: kufunditsa makanda, kuthamangira kuchipatala mwana akamapuma mofulumira, kusagona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka, ndi kuphimba mbande m'dimba ndi udzu. Magulu a omvera a ku Domwe, Lifidzi ndi Tsangano afunse akuluakulu a m'midzi mwawo zaka zimene chisanu chinawononga kwambiri, atitumizire tilembe anthuwa adakali moyo.

Ndipo amene muli ndi wachibale amene akubwera kudzagwira ntchito kuno, muuzeni asaiwale bulangeti.

Ndine mnzanu womvera wa ku Ulongué.